Chimene chimabiriwiritsa thambo la madzulo pa pepala

Mphunzitsi wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, wanditumizira imelo yodandaula kuti nthawi zonse akamajambula kulowa kwa dzuwa ndi penti wosungunula ndi madzi, thambo limatuluka lobiriwira, mwinanso lakuda ngati madzi a m'chithaphwi, ndipo akufuna kudziwa ngati wolakwa ndi penti wotsika mtengo amene anagula m'sitolo ya zipangizo za kusukulu.

Aphunzitsi, pentiyo musamutaye. Vuto lagona pa malo amene mitundu ikukumanirana ndiponso pa nthawi imene mukuigusa.

Dzuwa likapendeka, kuwala kwake kumadutsa mtunda wautali mumpweya, kotero kuti kuwala kwa buluu kumamwazikira kwina ndipo m'munsi mwa thambo mumatsala chikasu ndi kufiira, pamene kumwamba kudakali kwa buluu. Diso limaona mitunduyi ikulowana bwinobwino, koma pa pepala penti wachikasu akakhudzana ndi wabuluu onse ali onyowa, chotuluka chake ndi kubiriwira basi. Mankhwala ake ndi kuika mzere wofiirira, wa pinki, pakati pa awiriwo, chifukwa pinki akakumana ndi chikasu amapereka olenji, ndipo akakumana ndi buluu amapereka pepo, mitundu imene imaonekadi kumadzulo. Ngati m'bokosi mwanu muli buluu wa mitundu iwiri, sankhani wotchedwa ultramarine, amene amapendekera kofiira, ndipo pa chikasu, yellow ochre sabiriwira msanga ngati chikasu chowala chija.

Matani pepala pa thabwa ndi tepi, mulitsamiritse pang'ono, ndipo mulinyowetse ndi madzi oyera. Dikirani mpaka kunyezimira kwa madzi kutayamba kuchepa. Yambani ndi chikasu pamene thambo lakumana ndi mapiri, tsukani burashi, pakani pinki, tsukaninso, kenako mutsirize ndi buluu kuchokera pamwamba. Mukhale ndi mabotolo awiri a madzi, lina lotsukira, lina loyera losungunulira. Mukatero chotsanipo dzanja. Apa ndi pamene ambiri amaonongera chithunzi, popeza akaona kabanga amabwererapo ndi burashi yonyowa pepala litayamba kale kuuma, madzi atsopanowo n'kukankha penti n'kusiya zipsera, mitundu itatu yonse n'kusanduka matope. Kumbukiraninso kuti pentiyu akauma amafwifwa, choncho musaope akamaoneka wolimba akadali wonyowa.

Kwa amene angoyamba kumene, ine ndimakonda njira ya maulendo awiri: pakani chikasu ndi pinki, zisiyeni ziume gwa, kenako nyowetsaninso mopepuka ndi kutsitsa buluu mpaka azimiririke asanafike pa chikasu. Imadya nthawi, koma siikhumudwitsa.

Nyengo ya kwathu kuno nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukazizira ndi nkhungu ya m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, pepala limachedwa kuuma ndipo munthu amanyengeka kuligusa nthawi isanakwane, pamene mu Okutobala limauma musanamalize n'komwe mzere wachiwiri, choncho sungunuliranitu mitundu yonse musanayambe. Komatu Okutobala yemweyo, chifukwa cha fumbi ndi utsi wa lupsa, ndi amene amapereka dzuwa lofiira psu. Kuti lioneke lozungulira, kulungani ndalama yachitsulo m'kansalu kouma, mudinde pa penti wonyowa, ndipo malo oyerawo mudzawapake kufiira atauma.

Popeza tili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), chisisira chathu n'chachifupi ndipo mitundu imasintha mphindi iliyonse. Jambulani ndi foni kuti musunge maonekedwe a mitambo, koma mitundu muiyese pa kapepala pomwepo, chifukwa foni imadetsa pansi n'kukokomeza kufiira. Inu a ku Lizulu muli ndi mwayi, popeza kutsidya kwa msewu wa M1 dzuwa limalowera ku Mozambique, kumene diso limafika patali. Mapiri akutaliwo muwapake pepo wofwifwa thambo litauma, apafupi akhale oderako, ndipo mitengo ndi madenga zibwere pomaliza. Penti wakuda wa m'bokosi amapha chithunzi. Sakanizani ultramarine ndi bulauni wofiirira m'malo mwake. Tsiku lina mudzatsikireko ku Mua, kumalo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, mukaone zojambula zawo za penti wa madzi yemweyu.

Ngati pali ndalama yoti muonjezere, ipite ku pepala. Pepala la m'kope kapena losindikizira limakwinyika ndi kusupuka likanyowa, ndipo palibe luso limene lingalipulumutse. Funsani pepala lenileni la penti wa madzi lolemera 300 gsm, ndipo poti n'lokwera mtengo, lidulenidulenimo tizidutswa ta msinkhu wa chikhatho, muziyeserera thambo lokha mbali zonse ziwiri musanayambe chithunzi chachikulu.