Funsani Ankolo: Kodi 22 Disembala ndi holide ya chani?

Ankolo, ine ndinabwera kuno ku Harare chaka chino kuchokera ku Ntcheu, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Madamu andiuza kuti pa 22 Disembala ndisapite ati ndi holide, ine ndimangoti mwina ayamba msanga Khirisimasi. Ndi tsiku lanji limeneli, nanga alipo ena oterewa nyengo ino?
Nachisale, Dzivarasekwa

Zikomo achemwali. Ayi si Khirisimasi, kuno amalitcha Unity Day. Pa 22 Disembala 1987 a Robert Mugabe ndi a Joshua Nkomo anasainirana pangano loti zipani zawo, ZANU ndi ZAPU, zikhale chimodzi, ndipo izi zinadza anthu ambiri ataphedwa ku Matabeleland ndi Midlands pa nthawi ija amati Gukurahundi. Ndiye musadabwe mukaona ena sakulisangalalira, kwa iwo ndi chilonda, nkhani imeneyi musamaiyambe mwachisawawa mu kombi. Koma kunena zoona ambiri tsikuli amathera ku Mbare kulimbirana basi yakumudzi ndi matumba a shuga ndi mpunga, za 1987 sazikumbuka nkomwe.

Ena alipo, kungoti Khirisimasi ndi Nyuwere zimawaphimba. Loweruka loyamba la Disembala kuno ndi tsiku lodzala mitengo, mvula imakhala yayamba, pajatu nyengo imene azungu amati pakati pa summer kwa ife ndi dzinja, chimanga chili m'mawondo. Pa 18 Disembala ndi tsiku limene United Nations inaika mu 2000 lokumbukira anthu okhala m'maiko a eni, ndiye kuti inu ndi ine, komanso agogo athu aja anabwera wapansi kudzagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi mpaka kwathu nkumawatchula kuti matchona. Si holide iyi, kuntchito mupite.

Limene limandiwawa ine ndi 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe. Kumudzi maofesi amatseka, kuno limangodutsa zii, ana athu obadwira ku Mufakose ndi Highfield nkhope yake amangoiona pa K500 wina akabwera nayo, osadziwa kuti ndani. Anali m'busa, anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900. Anatopa ndi thangata m'maesiteti a azungu komanso kutengedwa kwa anyamata kukafera nkhondo yosawakhudza, ndiye pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira ku Magomero, iye anaphedwa kumayambiriro a Febuluwale akuthawira cha ku Mozambique.

Madamu anu sangakupatseni ofu pa 15 Januwale, musavutike nkupempha. Koma pa 22 pumani ndithu, ndipo akasintha maganizo nkukuitanani, muyambe mwagwirizana za ndalama ya holide musanakwere kombi.