Kalata ya rejisita yasowa pa shifiti yanu: angakuchotseni ntchito?

Achimwene, mwafunsa ngati abwana angakuchotseni ntchito chifukwa kalata ya rejisita (ija woilandira amasainira) yasowa inu muli pa kauntala. Sangatero asanakumveni. Gawo 57 la lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 likufuna chifukwa chomveka, komanso kuti mupatsidwe mpata wodziteteza.

Pemphani kuti mlandu aulembe papepala. Kenako fufuzani buku losainirana pomwe thumba la makalata linkachoka m'manja mwa dalaivala kubwera kwa inu. Ambiri amagwera pomwepa: amasaina osawerenga makalata, osayang'ananso ngati chomatira pakamwa pa thumba chili chonse. Siginecha yanu ikakhalapo, katunduyo amawerengedwa kuti anali m'manja mwanu.

Kunyalanyaza kungathere pa chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa kapena kutsitsidwa udindo. Koma kutsegula kapena kubisa kalata ya munthu ndi nkhani ina, imafika mpaka kupolisi.

Akakuchotsani mosatsata ndondomeko, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu pasanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhaniyo imapita ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito.