Sangweji ya nyama ya nkhumba ku brewpub: yankho kwa achemwali a ku Charlotte

Achemwali ena amene angoyamba kumene ntchito ya unamwino mumzinda wa Charlotte, m'chigawo cha North Carolina ku America, anditumizira imelo. Anzawo a kuntchito awaitanira ku brewpub, omwe ndi malo odyera amene amafululanso mowa wawowawo pomwepo, ndipo onse akuwaumiriza kuti akalawe sangweji ya pulled pork, yomwe ndi nyama ya nkhumba yofewa yonyotsoledwa. Akufuna kudziwa ngati nyamayi ikufanana ndi kanyenya wakwathu, komanso ngati munthu wosamwa mowa angafikeko popanda kuoneka wachilendo.

Achemwali, za mowazo musade nazo nkhawa. Malo ambiri otere amalandira mabanja, ana omwe, ndipo palibe amene adzakudabweni mukaitanitsa tiyi wozizira wa shuga, amene anthu akummwera kwa dzikolo amamukonda kwambiri.

Za nyamayo ndiye nkhani yaitali, chifukwa mukapita mukuyembekezera kanyenya mukakhumudwa. Kanyenya amapsa msanga pamoto waukali ndipo kukoma kwake kuli m'kutafuna, pomwe nyama iyi safuna kuti ivutitse mano n'komwe. Amatenga phewa la nkhumba, makamaka mbali yake yakumtunda yomwe m'masitolo akumeneko imalembedwa kuti Boston butt, n'kulipaka mchere, tsabola, paprika ndi shuga pang'ono, kenako n'kuliika mu uvuni wa utsi, kutali ndi malawi, pa kutentha kwa madigiri 110 mpaka 120 a Celsius. Nkhuni zake kawirikawiri zimakhala za mitengo ya hickory kapena oak, ndipo nyamayo imakhala mmenemo maola 10 kapena kupitirira. Phewa lili ndi mafuta ndi mitsempha yambiri yolimba, yomwe imasungunuka pang'onopang'ono mpaka mkati mwa nyama mutafika pa madigiri 90 ndi kupitirira pang'ono. Pamenepo fupa limasololoka lokha, ndipo wophika amangoinyotsola nyamayo ndi manja kapena mafoloko, n'kuiunjika m'banzi lofewa pamodzi ndi kabichi wodula bwino wothira viniga.

Mukalandira mbale yanu, yang'anani kaye musanalume. Nyama yophikidwa bwino imakhala ndi tizidutswa takuda tolimbirapo ta kunja kwa phewa, tosakanikirana ndi nyama yofewa ya mkati, ndipo m'tizidutswa timeneto ndi mmene muli kukoma kwa utsi ndi zokometsera. Mukaona mzere wofiirira pansi pa chikhungwa chakudacho, musabweze mbaleyo poganiza kuti nyama ndi yaiwisi, chifukwa umenewo umabwera ndi utsi wa nkhuni.

Apa ndinenepo maganizo anga mosabisa. Ntchito yaikulu ya brewpub ndi mowa, ndipo khitchini imabwera pambuyo. Ena ali ndi uvuni wa utsi kuseri kwa nyumba ndipo amaphika mosamala, koma ena amangofewetsa nyama mu uvuni wamagetsi n'kuimiza mu sosi wotsekemera kuti abise kusowa kwa utsi. N'chifukwa chake ndikukulangizani zinthu ziwiri: funsani woperekera zakudya ngati nyamayo amaiphikira pa nkhuni pamalo pomwepo, ndipo pemphani kuti sosi akupatseni m'kambale kapadera. Funso limeneli si lamwano, ndipo amene amaphikadi ndi nkhuni amaliyankha monyadira.

Sosi amene mudzapatsidwe akhoza kukudabwitsani, popeza mwafika m'chigawo chimene anthu amakangana za nkhaniyi mosatopa. Kum'mawa kwa North Carolina amaphika nkhumba yathunthu ndipo amathira viniga wa tsabola yekha, wopanda tomato. Kumadzulo, makamaka m'tauni ya Lexington, amaphika phewa lokha ndipo m'viniga muja amaonjezeramo tomato sosi pang'ono. Mukadutsa malire kulowa ku South Carolina, komwe si kutali ndi Charlotte, makamaka chapakati pa chigawocho, mudzapeza sosi wachikasu wa mustard. Sosi wolemera wotsekemera amene ali m'mabotolo ambiri a m'sitolo ndi wa kaphikidwe ka ku Kansas City, ndipo ine ndimaona kuti amaphimba nyama ya nkhumba m'malo moikometsa. Wa viniga ndiye amadula mafuta mkamwa, moti munthu amatha kumaliza sangweji yonse osakoledwa.

Pa bilu muonjezerepo ndalama yothokoza woperekera, pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, chifukwa kumeneko ndi mwambo ndithu. Ndipo sangwejiyo ikakakomani, tsiku lina lopuma yendani ulendo wa ola limodzi pa msewu wa I-85 mpaka ku Lexington, komwe kuli malo odyera ngati Lexington Barbecue, amene Wayne Monk anatsegula mu 1962. Kumeneko nyamayo amakonda kuiduladula ndi chimpeni m'malo moinyotsola, ndipo poitanitsa munene kuti mukufuna outside brown kuti akuikireni mbali yakunja ya phewa ija.