Galimoto ya magetsi ingalimbe ku Ntcheu? Ndikuyankha email ya achimwene ena

Ndalandira email kuchokera kwa bambo ena amene amakhala pa boma ku Ntcheu, dzina anati ndisatchule ndiye tingowatcha achimwene. Funso lawo ndi lalitali koma mutu wake ndi uwu: atopa ndi kugona pamzere wa mafuta, aona galimoto ya magetsi, Nissan Leaf ya 2013, pa website ina ya magalimoto aku Japan mtengo wake wosaboola m'thumba, ndiye akuti, "Kodi zimenezi zimakhalitsa? Ikafa ndipita nayo kwa ndani? Ine tsiku lililonse ndimachoka pa boma kupita kuntchito cha ku Kampepuza, pamwezi ndimapitako ku Lilongwe, nthawi zina kwa apongozi ku Golomoti."

Wawa achimwene. Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Anthu amene akhala ndi galimoto zimenezi zaka zambiri, kaya ku Japan, ku Norway, ku New Zealand kapena ku Kenya konkuno, nkhani yawo imafanana: ku galaji sapitako pafupipafupi. Mulibe oyilo wa injini, mulibe ma plug, mulibe timing chain, clutch, ekizozi, fuel pump kapena ma injector aja amatsekeka mukathira mafuta a m'zigubu osakaniza ndi kaya chani. Muli motor imodzi ndi ka giyabokosi ka giya imodzi basi. Sevisi yake ndi kuona brake fluid, coolant, oyilo pang'ono wa mu ka giyabokosi kaja, filter ya AC ndi matayala. Ma brake pad amakhala zaka chifukwa mukachotsa phazi pa moto motor ija ndi imene imagwira galimoto n'kumabweza magetsi mu batire, mwina vuto lake n'loti ma disc amachita dzimbiri nthawi ya mvula chifukwa chosagwira ntchito mokwanira. Matayala okha ndiye amatha msangako, galimotoyi ndi yolemera komanso imanyamuka mwa mphamvu.

Chinthu chimene chimasiya anthu ambiri panjira mungaseke: ndi ka batire kakang'ono ka 12V, kofanana ndi ka mu Vitz. Kakafooka kameneko kompyuta ya galimoto siidzuka, ndiye ngakhale batire yaikulu ikhale yodzadza galimoto imangokhala duu. Bungwe la ADAC la ku Germany limene limathandiza anthu ofeledwa galimoto pamsewu limanena chaka ndi chaka kuti batire ya 12V ndi imene imatsogola, pa za mafuta ndi pa za magetsi pomwe. Zimenezo ndi zotchipa, batire mugula pa Ntcheu pomwepo.

Tsopano tibwere pa batire yaikulu, chifukwa ndalama yanu yonse ili mmenemo. Leaf inayamba kugulitsidwa mu December 2010 ndi batire ya 24 kWh, ndipo ya 2013 mwaionayo ndi imeneyo. Kenako kunabwera ya 30 kWh, mu 2017 kunatuluka shepu yatsopano ya 40 kWh, mu 2019 ya 62 kWh. kWh imodzi ndi yuniti imodzi imene mumagula pa mita ya prepaid, ndipo galimoto ngati imeneyi pa yuniti imayenda makilomita 6 kapena 7 mukamayendetsa mofatsa. Ili yatsopano ya 24 kWh inkayenda makilomita 120 mpaka 135 pa msewu weniweni. Pano yadutsa zaka 10, ndipo batire imakalamba olo galimoto ingoima osayenda. Zambiri za chaka chimenecho zatsala ndi 60 mpaka 75 peresenti, kutanthauza makilomita 70, 80, mwina 90 mukakhala ndi mwayi. Kuchoka pa Ntcheu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo theka loyambalo mukukwera, Biriwiri, Mlangeni, Lizulu mpaka ku Dedza kuno komwe tili pamwamba pafupifupi mamita 1,600. Olo ikanakhala yatsopano sikanafika. Yanuyo mwina mufika nayo pa Dedza, Chimbiya musayembekezere. Ulendo wa ku Lilongwe ndi galimoto imeneyo iwalani, ndanena poyera kuti tisadzadane.

Chimene chimapha batire ya Leaf msanga ndi kutentha. Magalimoto ena ambiri batire yawo imaziziritsidwa ndi coolant, ya Leaf ayi, imangodalira mphepo. Mu 2012 eni ake a ma Leaf ku Arizona, dera lotentha kwambiri ku America, anadandaula kuti batire zawo zikutsika mphamvu galimoto isanathe zaka ziwiri, mpaka Nissan inawonjezera warranty ya mphamvu ya batire. Apa ndiye ife a kumapiri kuno tili ndi mwayi umene sitimauwerengera. Kuzizira kwa ku Dedza, Bembeke, Lizulu, Tsangano kumene timadandaula mu June ndi July kuja, batire imakukonda. Inde m'mawa kukazizira range, kutanthauza mtunda umene ingayende pa tchaji imodzi, imatsikako makamaka mukayatsa heater, koma imeneyo imabwerera kukatentha. Imene yadyedwa ndi dzuwa siibweranso. Munthu waku Balaka, Bwanje kapena Nsanje amene aziyimika galimoto padzuwa mu October itatchajidwa 100 peresenti, batire yake ikalamba msanga kuposa yanu. Ndiye muziimika pamthunzi, ndipo ngati mawa simukupita kutali musamaidzadzitse mpaka pakamwa.

Za ku Golomoti zili ndi kake. Kutsika Khwekhwelere kuchoka pa Masasa mudzasangalala, mudzaona range ikukwera mukuyenda chifukwa motor ikutchaja batire pa mtsetse wonse uja. Chenjezo lake n'loti batire ikakhala yodzadza kwambiri ilibe poika magetsiwo ndiye motor siigwira, mumangodalira mabuleki okha, ndipo makona a pamenepo mukuwadziwa. Koma pobwera ndi pamene pali nkhani. Kukweza galimoto ya makilo 1,500 ndi anthu ake mamita pafupifupi 1,000 kumadya mayunitsi 4 kapena kuposerapo, kuwonjezera pa aja a mtunda wamba. Pa batire imene yatsala ndi mayunitsi 14 kapena 15, amenewo ndi ambiri zedi. Mukatchaje kwa apongozi usiku wonse, ngati kuli magetsi. Zoseketsa zake n'zoti ku Golomoti komweko kuli solar yaikulu ija ya 20 MW ya kampani ya JCM yokhala ndi ma batire ake imene inayamba mu 2022, koma si yoti mungakaime pa geti n'kupempha soketi.

Musanatumize ndalama iliyonse funani zinthu ziwiri. Choyamba chithunzi cha dashboard galimoto ili on. Kumanja kwenikweni kuli timizere ting'onoting'ono 12, timeneto si tchaji ya lero ayi, ndi thanzi la batire. Kamzere koyamba kamachoka batire ikatsika kufika pa 85 peresenti, enawo amachoka pakatha 6 peresenti ndi pang'ono iliyonse. Chachiwiri, ndipo chofunika kuposa choyambacho, screenshot ya app yotchedwa LeafSpy. Amalowetsa kachipangizo kakang'ono kotchedwa OBD dongle pansi pa chiwongolero, foni n'kuwerenga SOH, imene ndi peresenti yeniyeni ya batire, komanso imaonetsa ma cell onse, timabatire ting'onoting'ono timene timapanga batire yaikuluyo, ngati timizati toyimirira. Timizati tikakhala tofanana mutu zili bho, koma kamodzi kakamira pansi patali ndi anzake, galimoto imeneyo izichita ngati foni yakale ija imati 30 peresenti kenako n'kuzima muli pakati pa call. Ndikulimbikira za LeafSpy chifukwa ogulitsa ena osakhulupirika amapanga reset kompyuta ya batire, timizere tonse 12 n'kubwerera, patapita masabata angapo n'kuyamba kugwa kamodzikamodzi. Leaf ya 2013 ya mizere 12 yodzadza muyikayikire. Wogulitsa akamazemba kutumiza zinthu ziwirizi, msiyeni.

China chimene anthu saganizira ndi kuibweretsa. Vitz ikafika pa Dar es Salaam mumatuma driver, amathira mafuta n'kuyendetsa kudzera ku Songwe mpaka pakhomo. Ya magetsi siingayende mtunda umenewo, ikufunika kukwera pa carrier, ndipo mtengo wake muwonjezere pa bajeti. Makampani ena a sitima anasiyanso kunyamula galimoto za magetsi zakale chifukwa choopa moto, ndiye mufunse agent wanu zimenezo musanalipire, komanso za duty mukafunse ku MRA nokha osati za m'magulupu a WhatsApp.

Ikafika, tchajani pakhomo, ndipo apa ndi pamene ndaona ndi maso. Mnzanga wina kuno ku Dedza anandiitana kuti galimoto yake ikumasiya kutchaja pakati pa usiku. Titapita kuseri kwa nyumba tinapeza tchaja yalumikizidwa pa extension ija yoyera ya ma soketi anayi ya pamsika, waya wadutsa pawindo la kitchini, pomwepo palinso fridge. Pulagi itazulidwa, mozungulira phini limodzi pulasitiki inali itasanduka ya bulawuni ndi kufewa, fungo lake la waya wopsa lija. Galimoto inalibe vuto lililonse. Imakoka ma amp 10 mosalekeza kwa maola 10 kapena kuposa, pamene ketulo imakoka zambiri koma mphindi zochepa n'kuzima. Ndiye itanani wa magetsi wodziwa ntchito akoke waya wakewake wonenepa kuchokera pa DB board, breaker yakeyake, soketi yabwino, earth yeniyeni chifukwa ma tchaja ambiri akapanda kupeza earth amakana kuyamba. Muikenso surge protector, ndipo kukamachita ziphaliwali mu December ndi January muzizula, chifukwa onboard charger ya mkati mwa galimoto ikapsa ndi ndalama zolira nazo. Chingwe chimene chimabwera ndi galimoto yaku Japan chinapangidwira magetsi a 100V kapena 200V ndi pulagi yakwawo, ife kuno ndi 230V, ndiye ndi bwino kugula chingwe cha Type 1 (ndiwo mtundu wa pulagi yolowa mu Leaf) choyenera magetsi athu. Pa fast charger Leaf imagwiritsa ntchito pulagi ya CHAdeMO pamene magalimoto ambiri atsopano ali pa CCS, choncho mukamva kuti mu town mwaikidwa tchaja, kaoneni kaye pulagi yake ndi maso anu.

Nanga ma blackout? Tonse tikukumbukira 2022 pamene Cyclone Ana inawononga Kapichira mu January, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, magetsi n'kumabwera pakati pa usiku anthu tikugona. Koma taonani, ulendo wa makilomita 40 patsiku ndi mayunitsi 6 kapena 7, maola atatu okha pa soketi. Olo magetsi abwere 11 koloko usiku n'kuchoka 4 koloko m'mawa mwatchaja kale. Werengani mtengo wa mayunitsi 7 amenewo muyerekeze ndi malita awiri ndi theka a petulo amene Vitz ingamwe pa mtunda womwewo, muona chifukwa chake anthu amene anazolowera safuna kubwerera. Ka solar ka pakhomo koyatsira mababu ndi TV kokha sikangakwanitse, pamafunika inverter ya 3 kW kupita m'mwamba ndi ma panel ambiri.

Funso lanu la "ndipita nayo kwa ndani" ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa onse. Za kumiyendo musavutike, ma bush, ma ball joint, ma shock, ma bearing, makaniko aliyense wa pa Mphate akonza, ndipo ndi zimenezo zimene zizifa kawirikawiri ndi maenje athuwa. Koma mawaya a orange amanyamula ma volt 360 mpaka 400, amenewo amapha pompo, musalole munthu wa "tingoyesa bwana" awagwire. Odziwa za high voltage alipo ochepa ndipo muwapeza ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kutanthauza kuti ikafa zenizeni ikwera pa lole. Inverter, onboard charger, kompyuta ya batire, zonsezo ndi zoitanitsa kunja, ndi forex yathu ino galimoto itha kukhala pa jeke miyezi ikudikira ka part kamodzi. Batire ya 24 kWh ili ndi zigawo 48 zotchedwa ma module, ndiye nthawi zina amangosintha module yofookayo osati yonse, koma batire yonse imalemera pafupifupi makilo 300 ndipo kuigula ndi kuibweretsa kutha kuposa mtengo umene munagulira galimoto. Batireyo ili pansi pa galimoto, ndipo Leaf ndi yotsika, choncho zodzadza matumba a kachewere n'kumakhula pansi m'misewu ya fumbi ya ku Tsangano si ntchito yake.

Magalimoto atsopano ngati a BYD ali ndi batire za mtundu wa LFP zimene zimapirira kutentha ndi kutchajidwa kodzadza, ndipo makampani ambiri amapereka warranty ya zaka 8 kapena makilomita 160,000 pa batire. Koma warranty imagwira ntchito pamene pali dealer woti akulandireni. Mu 2021 Hyundai inaitanitsa ma Kona a magetsi masauzande ambiri kuti akasinthidwe batire zonse chifukwa cha ngozi ya moto, amene anagula kwa dealer anasinthiridwa ulere, koma munthu amene wagula second hand pa intaneti ali ku Ntcheu amuimbira ndani?

Ndiye maganizo anga ndi awa achimwene. Ngati galimoto ya mafuta muli nayoyo muisunga ya maulendo a ku Lilongwe, ndipo Leaf ija SOH yake yadutsa 75 peresenti ma cell ali ofanana, gulani, pa ulendo wa boma ndi Kampepuza ikutumikirani zaka ndithu ndipo pamzere muzingodutsa mukuimba hutala. Ngati mukufuna kugulitsa yakaleyo kuti iyi ikhale yokhayo pakhomo, ayi, ya 2013 siikukwanirani. Onjezerani ndalama mufune ya 40 kWh, imene ku Lilongwe ingafike mukayendetsa mofatsa koma mukagone konko ikutchaja, apo ayi tengani hybrid, yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, ngati Aqua kapena Fit, imamwa mafuta ochepa ndipo amakaniko athu anayamba kale kuizolowera. Akakutumizirani screenshot ya LeafSpy ija ndiponyereni pa email yomweyi tiione limodzi musanalipire deposit.