Kodi mtsikana wa Fomu 3 angalankhule pamaso pa mfumu?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera. Iye akuti mnzake wa zaka 15 wasiya sukulu chifukwa makolo ampezera mwamuna, ndipo akufunsa kuti: "Kwathu mwana salankhula pakati pa akulu. Ine ndingachitepo chiyani?"

Mwana wanga, choyamba udziwe kuti lamulo lili mbali yako. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati lomwe linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, koma mpata unatsalabe, chifukwa malamulo aakulu a dziko ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo ake akavomereza. Mpata umenewu unatsekedwa mu 2017 pamene aphungu anasintha malamulo aakuluwo. Choncho makolo a mnzakoyo akamati "ife tavomera", mawu awowo alibenso mphamvu pamaso pa lamulo.

Kusinthaku sikunabwere ndi aphungu okha. Memory Banda wa ku Chiradzulu anali mtsikana ngati iwe pamene mng'ono wake anatenga pakati ali ndi zaka 11 atachoka ku chinamwali. Memory anakana kuyenda njira yomweyo, ndipo pamodzi ndi atsikana anzake, mothandizidwa ndi bungwe lolimbikitsa atsikana la GENET, anapita kwa mafumu a m'dera lawo kukapempha malamulo a m'mudzi oteteza atsikana. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yake n'chakuti analibe udindo uliwonse, ndipo anayambira pa bwalo la kwawo asanafike ku Lilongwe.

Ichi ndicho ndikufuna uchigwiritsitse: usapite wekha, ndiponso usapite chimanjamanja. Mutu umodzi susenza denga. Itana anzako asanu kapena asanu ndi mmodzi, mugule kope limodzi, ndipo muzilembamo mtsikana aliyense amene wasowa m'kalasi, tsiku limene anasiya kubwera komanso chifukwa chake. Kope limeneli lizisungidwa mwachinsinsi, popeza muli mayina a anthu. Mukatero mupite nalo kwa aphunzitsi aakazi amene mumawakhulupirira ndi kwa amayi a Mother Group, chifukwa iwowa amatha kulowa pakhomo pamene iwe sungalowe, n'kukhala pamkeka ndi mayi a mnzakoyo ngati anthu a msinkhu umodzi.

Tsiku lokaonana ndi a Gulupu likafika, amayiwo ndi amene akupempherani malo. Gwada monga unaphunzitsidwira, womba m'manja, dikira mpaka nduna ikupatse mpata, kenako tsegula kope n'kuwerenga mosathamanga. Ena amaganiza kuti kugwada ndi kugonja, koma ine sindigwirizana nawo, pakuti mfumu imamvetsera mwana waulemu amene wabwera ndi mayina ndi masiku kusiyana ndi wobwera ndi mkwiyo wokha. Ndipo mafumu omva alipo: malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza anathetsa maukwati a ana ambirimbiri, n'kuimitsa paudindo nyakwawa zimene zinkalekerera mchitidwewu.

Makolo a mnzakoyo usawatenge ngati adani. Kawirikawiri chimene chimawakankha ndi umphawi, zofunika kusukulu zikasowa ndiponso nkhokwe ikaphwa, kotero pempho lanu likhale ndi yankho la funso limene adzafunse, lakuti "nanga amulipirira ndani?" Funsani aphunzitsi aakulu ndi a ofesi yosamalira anthu ku khonsolo za thandizo la zofunika kusukulu. Ngati mnzakoyo ali kale ndi pakati, ndondomeko ya Unduna wa Maphunziro, yomwe inayamba mu 1993, imamulola kubwerera kusukulu akachira.

Koma ngati akumenyedwa, akutsekeredwa m'nyumba, kapena wina wayamba kukuopseza iweyo, usadikire bwalo. Imba 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pita ndi munthu wamkulu ku nthambi ya Victim Support kupolisi.

Usanachite zonsezi, kamuone mnzakoyo, ngakhale kumjigo kumene mungalankhule awiriwiri, ndipo umufunse chimene iye akufuna. Ngati angathe kulankhula yekha pabwalo, iwe ukhale pambali pake, kope lili m'manja.