Akuti ndinu wa maola ochepa, koma makiyi a sitolo mumasunga ndinu

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha, ndipo funso lawo landikumbutsa zinthu zimene ndinkaganiza kuti ndinaziiwala. Iwo amagulitsa m'sitolo ina ku Limbe, amalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 6 koloko madzulo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, koma abwana awo amati iwo ndi a "part-time", choncho za tchuthi ndi ovataimu asamazitchule. Akufuna kudziwa pamene ntchito ya maola ochepa imalekezera.

Mayi, ndiloleni ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ine. Nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndinapeza ntchito pamalo ena otayipa makalata ndi kuchita fotokope ku Zomba, ndipo tsiku loyamba mwini wake anandiuza kuti, "Iwe uzingothandizako apa ndi apo, ndi kaganyu chabe." Pasanathe milungu iwiri, kiyi wa loko wa pakhomo anali m'thumba mwanga, womangidwa kukachingwe ka buluu kuti asatayike. Wotsegula ndinali ine, wosesa ine, wotseka inenso. Nyengo ya mayeso ophunzira a ku koleji ankabwera ndi milumilu ya manotsi, makina ankatentha mpaka chipinda chonse kununkha inki, ndipo nkhomaliro yanga inali mandasi awiri odyera chiimirire. Magetsi akazima masana, ntchito yotsalayo inkandidikira usiku. Nditadwala malungo masiku atatu, abwana anandidula malipiro a masiku atatuwo, n'kundikumbutsa mwaulemu ndithu kuti waganyu salipidwa tsiku limene sanagwire. Ndinawathokoza n'kubwerera kumakina, ndipo kuthokoza kumeneko n'kumene kumandipwetekabe mpaka lero.

Ganyu weniweni tonse timamudziwa. Kumunda munthu amakuonetsa ndime, mumagwirizana mtengo, ukamaliza kupalira umalandira zako n'kumapita, ndipo mawa lake palibe amene angakufunse chifukwa chimene sunabwerere. Waganyu sasunga makiyi. N'chifukwa chake ine ndafika pokhulupirira kuti m'masitolo ndi m'maofesi ang'onoang'ono ambiri kuno kwathu, mawu akuti "part-time" sanena za maola ngakhale pang'ono, koma ndi njira yochepetsera malipiro ndi kutsekera munthu pakamwa. Ndikudziwa kuti eni mabizinesi ena nawonso zikuwavuta, koma kuvutika kwawo sikufupikitsa tsiku la wantchito. Taonani alonda amene amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, usiku uliwonse, ena mwa iwo akuuzidwabe kuti sanalembedwe ntchito yokhazikika patatha zaka zitatu ali pageti lomwelo.

Zimene lamulo likunena

Lamulo lathu la za ntchito, Employment Act la chaka cha 2000, limaika malire a pamwamba. Maola a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, wogwira masiku 6 pa sabata asapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo munthu sayenera kugwira masiku oposa 6 otsatizana osapumako maola 24. Nambala ya 48 si yachilendo ayi, chifukwa inali kale m'pangano loyamba la chaka cha 1919 la bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse. Bungwe lomweli, m'pangano lake la 1994, linafotokoza kuti wantchito wa maola ochepa ndi amene maola ake ndi ochepa poyerekeza ndi anzake ogwira ntchito yofanana nayo tsiku lonse. Choncho dzinali limabwera chifukwa cha maola, ndipo amene wafika pa 48 alibenso mnzake womuposa woti amuyerekeze naye.

Tsono tiwerengere anu, mayi. Ngakhale titachotsapo ola limodzi la nkhomaliro, ngati mumalipeza n'komwe, mumagwira maola 10 pa tsiku, kutanthauza 60 pa sabata. Maola 12 apamwambawo ndi ovataimu, ndipo lamulo limati ola lililonse lotere lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka, pamene ntchito ya tsiku lanu lopuma kapena la holide ilipidwe kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ayeneranso kulandira tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka.

Gulani kope, ndipo tsiku lililonse muzilemba nthawi imene mwalowa ndi imene mwaweruka, komanso ndalama zimene mwalandira pakutha pa mwezi. Pemphani kalata yosonyeza maola anu ndi malipiro anu. Akakana, tengani kopelo mupite nalo ku ofesi ya leba ku Blantyre, ndipo zikakanika kumeneko nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti loona milandu ya za ntchito, la Industrial Relations Court. Kopelo muzilisunga kunyumba, osati m'dilowa ya m'sitolo.