Maso a chikasu sikuti ndi umboni wa chiwerewere

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti amuna awo agonekedwa maso ali chikasu, mkodzo wofiirira, adokotala angoti ndi hepatitis (matenda otupa chiwindi) basi. Apongozi ayamba kale kupatula mbale, anzawo akunong'ona kuti bambowo amayendayenda. Akufunsa kuti iwo ndi ana atani.

Mayi, nkhani yanuyi yandiwawa chifukwa ife zinatichitikira. Msuweni wanga anadwala chikasu nthawi ya dzinja ali ndi pakati pa miyezi 7, madzi ankatunga pachitsime chosaphimba pomwe zimbudzi zapafupi zinali zitasefukira ndi mvula. Akuluakulu anangoti ndi tsempho, mwamuna wake walumpha, ndiye mmalo mothamangira kuchipatala anthu anali kalikiliki kumufunsa mnyamatayo kuti aulule, uku akumupatsa wodwala mizimbe ndi mizu yowiritsa, kenako asing'anga anamutema mphini ndi lezala lomwe anali atatemera anthu ena. Pofika kuchipatala anali atayamba kubwebweta. Malungo sanapezeke, hepatitis B sinapezeke, akilinishani anatiuza kuti akukayikira hepatitis E, ya m'madzi. Tinamuika pamodzi ndi mwana, ndipo mwamuna uja mpaka lero ena samamupatsa moni.

Ndiye ine ndikamva dokotala akungoti hepatitis osatchula kuti iti, ndimakwiya, chifukwa mavairasi ake alipo 5 ndipo sayenda njira imodzi. A ndi E amachokera ku madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. B ndi C amadzera m'magazi, malezala, jakisoni wobwereza, ndipo B amapatsirananso pogonana komanso mayi kupatsira mwana pobereka. D sabwera yekha, amangogwira munthu amene ali kale ndi B. Kwathu kuno A ambirife tinadwala tili ana osadziwa nkomwe, nchifukwa chake munthu wamkulu akagonekedwa ndi chikasu chadzidzidzi amaganizira kwambiri B kapena E. E kwa ambiri imatha yokha koma kwa mayi wapakati miyezi yomaliza imapha, ku Namibia inavuta kuyambira 2017 m'makomboni a ku Windhoek, anthu masauzande anadwala.

Ngakhale ikhale B yomweyo, ndani wanena kuti aitenga dzulo? Katemera wa B analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, uja wa masabata 6, 10 ndi 14. Amene tinabadwa chisanafike chaka chimenecho sitinabayidwe, ndipo khanda likatenga B pobadwa, mwa 10 aliwonse pafupifupi 9 amakhala nayo moyo wonse mwakachetechete. Amuna anu mwina akhala nayo kuyambira kumsana kwa mayi awo omwe akupatula mbalewo. Ndipo B sayenda pa mbale, zimenezo asiye.

Komanso tisaiwale kuti chiwindi chimaonongeka ndi zina. Malungo amabweretsa chikasu, mankhwala a TB nthawi zina, Panado womwa mopyola muyeso, kachasu ndiye osanena. Ine imandipweteka kwambiri ndi mtedza wa chuku uja, wabwino timagulitsa, wowola timasinja nsinjiro za ana athu, pomwe poizoni wake akakumana ndi B chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri.

Ndiye mutani?

Bwererani kwa adokotala mufunse kuti ayeza iti, makamaka HBsAg, kuyeza magazi koona ngati muli B. Ikapezeka, inu ndi ana mukayezetse, amene alibe ndipo sanabayidwe afunse katemera, kondomu kaye, lezala ndi mswachi aliyense wake. Akuluakulu ambiri ongoitenga kumene amachira okha, yokhalitsa amaichepetsa mphamvu ndi tenofovir yemwe ali mu ma ARV, ndipo C imachiritsika ndi mapilisi a masabata 12. Ngati si B, wiritsani madzi kapena thirani klorini, sopo mukachoka kuchimbudzi. Mowa ndi mizu ayi. Amuna anu akayamba kusokonezeka mutu, kugona mopitirira kapena kutuluka magazi, itanani namwino nthawi yomweyo, ndipo ngati inuyo muli ndi pakati muwauze adokotala lero.